Mabowo atatu athawa mzere pa spar: ndipitirize kapena ndiyime kaye?

WaMapikoMatawale

Akuluakulu, ndakhala chete pagulu pano kwa miyezi ingapo, koma lero ndabwera ndi vuto. Ena mukudziwa kale kuti ndikumanga kandege ka anthu awiri, Zenith STOL CH 701, m'galaja kunyumba kwanga ku Matawale. Kumchira ndinamaliza chaka chatha. Pano ndili pa phiko lamanja.

Lamulungu madzulo ndimaboola lata lapansi kuti ligwirane ndi spar, mtanda uja umayenda m'kati mwa phiko kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Magetsi anathima ndili pakatikati. Poti dirilo yanga ndi ya batire, ndinati ndingomaliza mzere umenewu ndi tochi ya pamphumi. M'mawa nditachotsa ma cleco, tizitsulo togwirizira malata mongoyembekezera mariveti asanalowe, n'kunyamula lata lija, ndinapeza kuti mabowo atatu athawa mzere, atsetserekera m'mphepete mwa ngodya ya spar. Ndayeza kangapo. Kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete pali mamilimita 5. Mariveti a pamenepo ndi A5, aja a mamilimita 4. Ndipo malo ake ali pafupi ndi pomwe pamadzamangidwa mchirikizo wa phiko, chitsulo chija chochokera ku thupi la ndege kukagwira phiko.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi ndiboole ena abwino pakati pa olakwikawo n'kupitiriza? Lachiwiri, ma A5 anga atsala ochepa chifukwa ambiri ndinawononga pophunzira. Ku Limbe ndaona mariveti a mamilimita 4 m'mahadiweya, pakiti yonse mtengo wosaboola m'thumba. Angagwire ntchito? Kuitanitsa kunja kumanditengera miyezi iwiri, ndipo ndalama zakunja mukudziwa nokha mmene zikusowera.

Chinamwali_Welda

Vuto laling'ono ilo achimwene. Bweretsani spar yo kuno ku shopu, mabowowo tiwatseke ndi moto, tipale bwinobwino, mukaboolenso pamalo pake. Masampu a galimoto a aluminiyamu timawotcherera sabata iliyonse ndipo palibe wabwerako kudzadandaula.

MadalaWaSipanala

Achimwene a ku Chinamwali, ndikudziwa kuti mukufuna kuthandiza, koma moto usayandikire spar imeneyo. Aluminiyamu wa ndegeyi ndi 6061-T6. T6 ameneyo akutanthauza kuti anamuphika kufakitale pa kutentha koyezedwa kuti alimbe. Mukangodutsitsapo moto wowotcherera, mphamvu ya pamalopo imatsika kufika pafupifupi theka, koma diso siliona kusiyana. Pamaoneka posalala, pokongola kuposa kale.

Tsono kwa inu a Matawale: ikani dirilo pansi. Ndakonza ndege zaka zambiri ndisanapume, ndipo chinthu choyamba chimene ankatikhomereza m'mutu n'chakuti kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete pasachepere kukula kwa riveti kawiri. Riveti ya 4 imafuna 8. Inu muli pa 5. Chotsaniponso theka la bowolo, mupeza kuti nyama yatsala ndi mamilimita 3 okha.

Bowo lotere likanakhala pa nthiti ya kunsonga kwa phiko silikanandisowetsa tulo. Koma mwati lili pansi pa spar, pafupi ndi mchirikizo. Ndege ikamauluka, mpweya umakankhira phiko m'mwamba, mchirikizo n'kumaligwira kuti lisapinde. Chigawo cha phiko chimene chatsala kunja kwa mchirikizo chimafuna kupindikira m'mwamba, ndipo kupindika konseko kumadzasonkhana pomwe pali mchirikizopo. Ngodya yapamwamba imafinyidwa, yapansi imakokedwa. Mng'alu umakonda pokokedwa. Mukaboolanso ena pakati pake ndiye kuti mwachotsa nyama ina pamalo pomwe yachepa kale.

Chinamwali_Welda

Ndamva madala. Zimenezo ndimaziona ndithu, chinthu cha aluminiyamu chikathyokanso chimathyokera m'mbali mwa pomwe tinawotcherera, osati pamsoko penipeni. Ndabweza mawu anga.

NachisaleEng

Ndiwonjezereko manambala pa zimene anena madala. CH 701 ikadzaza, anthu awiri ndi mafuta, imaloledwa kulemera makilogalamu 499. Ikuuluka mowongoka mumpweya wabata, mapiko amanyamula zomwezo. Koma ikakumana ndi mphepo yokankha kuchokera pansi, ngati ija imatsika m'phiri la Zomba masana a mu October, kapena woyendetsa akakoka ndodo mwamphamvu, mapiko amatha kusenza kulemerako katatu kapena kanayi. Kanayi ndi pafupifupi matani awiri. Amenewo ndi matumba 40 a chimanga a makilogalamu 50, 20 phiko lililonse, pa lata losakwana ngakhale theka la milimita.

Ndipo choopsa si tsiku loyamba. Phikolo likhoza kuuluka bwinobwino chaka chathunthu. Tengani waya, mupinde n'kuwongola, mupinde n'kuwongola. Sathyoka ulendo woyamba, amathyoka ulendo wa makumi angapo. Aluminiyamu amatopa chimodzimodzi, ndipo amawerenga kugwedezeka kulikonse, ngakhale kwakung'ono. Mng'alu umayambira pabowo, n'kumakwawa pang'onopang'ono kunsi kwa lata komwe simungauone.

Chiperoni21

Za spar ndavomera. Koma za marivetizo ayi, mukumuopseza munthu. Riveti ndi riveti. Amene amagulitsa makiti, zigawo za ndege zoti munthu akamange yekha, amafuna muzigula chilichonse kwa iwo, n'chifukwa chake amazipatsa mayina ngati A4, A5. Fakitale zake ndi zomwezo. Tikamati chilichonse chichokere kunja, ndege imeneyi idzauluka tonse tili kuli chete.

NdowaZaMsika

Ine ndimakhoma ndowa ndi mbaula kumsika wa Zomba, koma pa riveti ndiloleni ndiyankhulepo. Riveti si riveti, bwana. Pakiti imodzimodzi ya kuhadiweya, ena mukakoka amagwira nganganga, ena kamsomali kam'kati kamaduka msanga mutu usanakhale pansi, ena kamagweramo n'kusiya kabowo pakati. Ndinayesapo kumangira makutu a ndowa, makasitomala anabweza ndowa zisanu mwezi umodzi, madzi akudontha pa riveti penipeni. Ndinabwerera ku aja okhoma ndi hamala. Ndowa ikadontha munthu amangonyowa kumsana. Nanga phiko?

NachisaleEng

A Chiperoni, penapake mwalasa. Amene anajambula ndegeyi, malemu Chris Heintz, anasankhadi dala mariveti okoka ndi chipani cha m'manja kuti munthu wamba amange yekha m'galaja popanda zida zodula. Anali katswiri amene anagwirapo ntchito pa ndege ya Concorde, ndipo CH 701 anaitulutsa mu 1986. Koma sanangoti riveti iliyonse yokoka. Anasankha mtundu wa Avex, anadziwa mphamvu ya imodzi, ndiye n'kuwerengera kuti pamzere uliwonse pafunika angati ndipo atalikirane bwanji. Manambala a pa mapulani aja aimirira pa riveti imeneyo. Mukaikapo ina imene simukudziwa kuti anaipanga ndi aluminiyamu wanji, masamu onse aja agwa.

Avex imafufuma n'kudzaza bowo lonse, ndipo mutu wa kamsomali kake umatsekeredwa m'kati. Komanso funsani a Matawale, kukamwa kwa chipani chawo kuli kobowoka ngati kambale. Riveti yake imabwera ya mutu wafulati, chipanicho n'chimene chimaupinda kukhala wozungulira pokoka. Ya kuhadiweya siinapangidwire zimenezo.

Chiperoni21

Chabwino achemwali. Komabe mtengo wake ukundiwawa ine ngakhale ndege si yanga.

WakuJoni_88

Moni a kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg, ndimathandiza bwana wina amene akumanga ndege ya Sling 2 kumapeto a sabata. Fakitale ya Sling ili konkuno, ku Tedderfield, kum'mwera kwa mzindawu, ndipo ndege yawo inazungulira dziko lonse mu 2009, oyendetsa ali Mike Blyth ndi James Pitman. Nayonso ndi ya mariveti okoka, ndiye ululu wa m'manja umene mukuumva a Matawale ndikuudziwa. Tsiku loyamba ndinakoka 200, m'mawa mwake kapu ya tiyi imandipulumuka.

Mariveti a Avex kuno amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za ndege, ndi mapepala ake. Ndikubwera kumudzi mu December pa basi kudzera pa Mwanza. Ndi zinthu zopepuka, zilowa m'chikwama.

Koma chimene ndimafuna kunena ndi china. Kuno sungatseke phiko munthu wovomerezedwa ndi akuluakulu a za ndege asanabwere kudzaona m'kati. Amabwera ndi tochi ndi kagalasi, amasuzumira nthiti iliyonse, kenako amasaina m'buku. Inu kumeneko mwalankhula kale ndi a Civil Aviation? Musadzamalize ndege yonse kenako n'kukauzidwa kuti tsegulani tione.

MadalaWaSipanala

Mwana wa ku Joni wanena mawu. Alembereni kalata tsopano lino, phiko lili chitsegukire, muwauze chimene mukumanga ndipo muwaitane. Chilembo cha 7Q, chozindikiritsa ndege zolembetsedwa ku Malawi, sichipentedwa pa ndege ndi munthu payekha. Ndipo jambulani zithunzi chilichonse, muzilemba m'buku tsiku, ntchito imene mwagwira, ndi cholakwika chilichonse. Mabowo atatuwanso alowe m'bukumo.

Marivetiwo mungalandire, koma yambani mwafunsa eni kiti nambala yake yeniyeni, iyeyo akagule yomweyo ndendende, osati yofanana nayo.

WaMapikoMatawale

Zikomo nonse. Kalata ndinalemba pomwe kiti imafika, ndilembanso ina sabata ino. Buku ndili nalo, koma ndiulule: Lolemba ndinalitsegula, ndinagwira bolopeni, ndinalitsekanso osalembamo kanthu. Mtima umati ukakoka mariveti, lata liphimba zonse, adziwa ndani? N'chifukwa chake ndabwera pano, ndinaona kuti ndekha ndidzinamiza.

MayiAKuSadzi

Pepani abambo, ine ndilowererepo ngakhale nkhani ya zitsulo si yanga. Muli ndi ana? Akazi anu akuti chiyani? Ife a ku Zomba kuno misozi ya pa 10 June 2024 siinaume. Ndege inagwa ku Chikangawa ija inali ya asilikali, yopangidwa kufakitale, yoyendetsedwa ndi akatswiri, koma inatenga a Chilima ndi anthu ena 8. Ndiye inu mukumanga yanu m'galaja ndi tochi ya pamphumi? Ndalama zimenezo bwenzi mutamanga nyumba ya lendi ku Chikanda, ana a sukulu akusowa pogona.

KalalikiWaJali

Mayi anena zoona. Kuuluka n'kwa mbalame.

MadalaWaSipanala

Mayi, funso lanu ndi laulemu ndipo liyenera kufunsidwa. Tsiku limene lija ine sindinadye. Ndingokonza pang'ono: ofufuza ochokera ku Germany analoza ku nyengo yoipa ndi kuulukira pansi m'mitambo pamwamba pa mapiri, osati kuthyoka kwa phiko. Kwa munthu wa ku Zomba phunziro lake lili pakhomo pomwe. Phiri lathuli limapitirira mamita 2,000, ndipo chiperoni chikabwera chimalimeza lonse m'mphindi zochepa. Kandege ngati aka n'ka masana, kunja kuli mbee. Phiko likhoza kukhala langwiro, koma mwini wake akapanda kudziwa kunena kuti lero sindiuluka, silimupulumutsa.

Za tochi ya pamphumizo, pamenepo ndili mbali yanu, mayi.

WaMapikoMatawale

Mayi, ana ndili nawo atatu. Ndinakulira kumsewu wa ku Jali, pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo ndili mwana ndinkathawa kubusa kukaima kumpanda kuonerera zikunyamuka. Bambo anga anandikwapulapo kangapo chifukwa cha mbuzi zolowa m'munda wa eni. Ndinaphunzira za makina a m'mafakitale, ndagwira ntchito zaka 25, nyumba ndinamanga, ana awiri anamaliza sukulu. Kitiyi ndimagula chigawo chimodzi pa chaka, ndikasunga ndalama.

Ndi mayi a kunyumba tinakhala pansi tisanatumize tambala ndi imodzi yomwe. Tinagwirizana zitatu. Woyamba kuiulutsa sindidzakhala ine, adzakhala woyendetsa ndege wodziwa kuyesa ndege zatsopano. Palibe wokwera wachiwiri mpaka maola oyesera atatha, ku America amakhala 40 pa ndege ngati iyi, ndipo ife tinati tisatsike pamenepo. Chachitatu anachiika ndi iwowo: chilichonse chimene ndalakwitsa ndiziwauza tsiku lomwelo. Za mabowowa ndinawauza Lachiwiri, ndinachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo sanasangalale.

MayiAKuSadzi

Ndamva abambo. Mtima wanga sunakhazikikebe, koma akazi anuwo ndi anzeru. Chachitatucho muchisunge.

MphunzitsiDomasi

Ine ndinawerengapo kuti ndege za kampani yomweyi zinathyokapo mapiko m'mwamba, anthu n'kufa. Si zomwezi kodi?

NachisaleEng

Aphunzitsi, imeneyo inali CH 601 XL, ndege ina. Mapiko ake ali pansi pa thupi ndipo alibe michirikizo, katundu yense amasenza ndi spar yokha. Zingapo zinasweka zili m'mwamba, ndipo mu April 2009 bungwe lofufuza ngozi la ku America, NTSB, linapempha kuti ziyambe zaimitsidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunatuluka ndondomeko yolimbitsa mapiko ndi spar. Anthu amene anali atamaliza kale ndege zawo anachita kuboola mariveti, kutsegula mapiko, kuikamo zitsulo zoonjezera n'kutsekanso. CH 701 ili ndi phiko pamwamba ndi michirikizo iwiri mbali iliyonse, kasenzedwe kake n'kosiyana. Koma nkhani imeneyo ndi yoyenera kuikumbukira pano. Ngati akatswiri anabwerera kukatsegula mapiko otsekedwa kale, kuli bwanji ife ndi phiko loti silinatsekedwe n'komwe?

KalalikiWaJali

Koma anthu oyandikana nanu akuti chiyani? Kwathu kuno munthu akamveka kuti ali ndi ndege kunyumba, mawa lake nkhani ili kwa amfumu. Amangoganiza za lichero basi.

WaMapikoMatawale

Zinayamba kumveka ndithu, mpaka kutchalitchi. Ndinachita chinthu chimodzi: chitseko cha galaja ndimachisiya chotsegula ndikamagwira ntchito. Ana a m'dera amabwera kudzaonerera, ena ndimawapatsa ntchito yosankha ma cleco, a mkuwa kwaokha, akuda kwaokha. Mtsikana wina wa fomu 3 tsopano amadziwa kupala mabowo kuposa ine, zala zake zimamva kachitsulo kotsalira kamene maso anga saona. Amfumu ndinawaitana, anagwira nthiti imodzi m'manja, anadabwa kuti ndi yopepuka ngati mbale ya pulasitiki. Manong'onong'o anachepa kuyambira pamenepo.

FundiWaSongani

Poti mwatchula chitseko chotsegula, samalani ndi chinyezi cha Zomba. Ine ndimapanga mawindo a aluminiyamu, ndipo zotsala ndikazisiya pasimenti nthawi ya chiperoni zimatuluka kaufa koyera m'masabata ochepa. Anthu amati aluminiyamu sachita dzimbiri. Amachita, kungoti lake ndi loyera. Malo oipa kwambiri ndi pomwe malata awiri agundana, madzi akalowa pamenepo satulukanso.

MadalaWaSipanala

Eya. 6061 amapirira chinyezi kuposa aluminiyamu wa mtundu wa 2024 amene amagwiritsa ntchito pa ndege zina zomanga wekha zotchedwa RV, koma kuno si kuchipululu. Pakani pulayimala wopyapyala paliponse pomwe zitsulo ziwiri zikugundana musanakoke riveti. Musathire wambiri, utoto nawonso umalemera. Ndipo ngati mwapeza uja wachikasu wa zinc chromate, valani chotchinga kumphuno chenicheni, ndi poizoni.

China, ndaona pachithunzi chimene munatumiza miyezi yapitayo pali pensulo patebulo. Ichotseni m'galajamo. Makala a pensulo akakumana ndi aluminiyamu ndi chinyezi amadya chitsulo motsatira mzere womwe munajambulawo. Gwiritsani maka yopyapyala.

WakuJoni_88

Ndi kapulasitiki kophimba malata kaja musakasiye padzuwa, kamauma n'kumatirira, kuchotsa kwake ndi misozi.

Ndipo mavu! Aja omanga nyumba ndi dothi. Kapayipi kalikonse kotsegula, kopumira thanki ya mafuta kapena koyezera liwiro, mutseke ndi tepi lero lomwe. Bwana wanga anapeza kapayipi ka thanki katadzaza dothi phiko lisanachoke n'komwe patebulo. Kopumira kakatsekeka, mafuta amasiya kutsika injini ili m'mwamba.

Chiperoni21

Mavu a ku Zomba ndiye sachedwa, kwanga anamanga m'kati mwa loko wa chitseko sabata imodzi ndili ku Lilongwe.

MphunzitsiDomasi

Tabwererani ku mabowo aja akuluakulu, munthu anafunsa funso. Ndiye achite chiyani kwenikweni?

MadalaWaSipanala

Achite izi. Apale mabowo atatuwo mosamala, pasatsale kachitsulo kakuthwa, kenako aone ndi galasi lokuza ngati pali kamng'alu kochokera pabowo kupita m'mphepete. Aike rula pambali, ajambule zithunzi zooneka bwino, alembe mtunda wa bowo lililonse kuchokera kutsinde kwa phiko ndi kuchokera pa mchirikizo. Zonsezo atumize kwa akatswiri a kampani imene inapanga kiti, m'tauni ya Mexico m'boma la Missouri ku America. Iwo ndiwo ali ndi masamu a spar imeneyo. Akhoza kunena kuti ikanipo chigamba cha muyezo wakuti ndi mariveti akuti, kapena akhoza kunena kuti sinthani. Chimene anene, achite chomwecho, ndipo yankholo alisindikize alimate m'buku.

Ine ndikhoza kujambula chigamba pano ndi maso otsinzina, ndapanga zambiri. Koma pa spar ngakhale ife kuntchito sitinkapeka tokha, tinkatsegula buku la wopanga ndege.

A Matawale, ngati simudandaula, mawa masana ndidutse ndidzaone ndi maso. Pali chimene chikundikayikitsa. Mdima wokha suthawitsa mabowo atatu otsatizana mbali imodzi.

WaMapikoMatawale

Bwerani madala, ndikhala ndilipo kuyambira 2 koloko. Ndakutumizirani njira kumbali.

WaMapikoMatawale

Ndabweranso akuluakulu. Madala anafika dzulo, ndipo chimene apeza chandichititsa manyazi kuposa mabowo aja. Phiko sanayambe n'kuligwira komwe. Anagwada pansi, anaika diso m'mphepete mwa tebulo ngati munthu woonera mfuti, anakhala chete. Kenako anapempha ulusi. Anaukoka kuchokera ngodya ina ya tebulo kufika ina mopingasa, wina chimodzimodzi mbali inayo. Pakati pomwe maulusi amayenera kukhudzana panali mpata woti chala chaching'ono n'kulowa.

Tebulo langa ndi la mamita 3.6. Ndinalipanga mu February ndi matabwa a paini a m'phirimu, ndipo ndinaliyeza ndi levulo tsiku lomwelo, linali bwinobwino. Koma matabwawo anali asanaume. Chilimwe chino auma, tebulo lapotoka, mwendo umodzi wanyamuka pang'ono pasimenti. Spar inatsatira tebulo, pamene mzere umene ndinajambula pa lata unatsala pomwe unali. Mdima unangondibisira zimene zimachitika.

Madala akuti ndikanakoka mariveti onse phiko lili chomwecho, kupotokako kukanakhala kwamuyaya, chifukwa lata likangomangidwa pamwamba ndi pansi phiko limasanduka bokosi losapindikanso. Ndege yake ikanamakokera mbali imodzi moyo wake wonse. Ndiye mabowo atatuwa ndiwo andiululira za tebulo.

Mng'alu sitinaupeze. Zithunzi ndatumiza usiku womwewo. M'buku ndalemba masamba awiri.

FundiWaSongani

Paini wa m'phiri ameneyo ndimamudziwa, amagulitsa akudontha madzi. Ine ndimamuimika pamthunzi miyezi itatu ndisanamukhulupirire. Pansi pa tebulolo ikani ma square tube awiri achitsulo m'litali mwake, ndipo mwendo uliwonse ukhale ndi bawuti yokwezera ndi kutsitsa. Mukatero muziyeza m'mawa uliwonse musanagwire dirilo.

Chinamwali_Welda

Imeneyo ndiye ntchito yanga tsopano. Tebulo si T6, madala sandiletsa. Ma tube ndili nawo a 50, ndibweretsa ndi makina omwe, tingopempha kuti magetsi akhalepo. Koma phiko ndi malata onse mutulutse kaye m'galajamo, nthethe za moto zisagwerepo.

NachisaleEng

Podikira yankho musakhale manja lende. Ma slat, timapiko ta kutsogolo kwa phiko, ndi ma flaperon, aja oyenda a kumbuyo kwa phiko, ndi tizigawo tating'ono, mukhoza kumanga pa thabwa lina lowongoka. Ma slat amenewo ndiwo amapangitsa ndegeyi kuuluka pang'onopang'ono mpaka pafupifupi makilomita 50 pa ola osagwa, ndiye kampata ka pakati pa slat ndi phiko mukatsatire monga mwa mapulani, mbali zonse ziwiri mofanana.

Mathanki a mafuta muwayesenso asanalowe m'phiko. Tsekani potulukira ponse, mangani chibaluni pa kapayipi kopumira, uzirani ndi pakamwa mpaka chibaluni chifufume, kenako pakani thovu la sopo m'misoko yonse. Kompuresa ayi, imatupitsa thanki mpaka kung'amba msoko. Chibalunicho chimakula ndi kuchepa ndi kutentha kwa tsiku, ndiye khulupirirani thovu kuposa icho.

Chiperoni21

Nanga akanena kuti spar yonse isinthidwe? Chinthu cha mamita atatu ndi kanthu sichilowa m'chikwama cha a ku Joni. Ndi sitima mpaka ku Beira, lole, msonkho, miyezi ina isanu.

WaMapikoMatawale

Ndaganizapo usiku wonse. Akatero ndiye kuti injini ichedwa ndi chaka china, chifukwa ndalama yake ndi yomweyo. Spar ya phiko lamanzere ilipo, sindinaikhudze, ndiyamba limenelo tebulo likawongoka. Walira mvula walira matope.

MayiAKuSadzi

Akazi anu mwawauza za tebulolo?

WaMapikoMatawale

Anali pomwepo mayi, ndiwo anagwira nsonga ina ya ulusi.

WakuJoni_88

Nditumizireni nambala ya mariveti mukangoilandira, ndi kuchuluka kwake. Muonjezerepo 100 pamwamba, ena mudzaboola ndithu. Ma cleco akuda mukufunanso? Pa phiko sakwana.

WaMapikoMatawale

Akuda 50 ngati chikwama chilola, ndalama ndipereka kwa achibale anu kuno.

Loweruka tiyamba 8 koloko m'mawa. Pofunika anthu anayi onyamula phiko kulowetsa pabalaza, silolemera koma ndi lalitali ndipo nthiti zake zimapindika munthu akagwira pakati, tigwira pa spar pokha. Amene ali ndi levulo ya payipi ya madzi, ija amisiri omanga nyumba amayezera maziko, abwere nayo, yanga yamatabwa sindikuikhulupiriranso.

NdowaZaMsika

Payipi ndili nayo ya mamita 10, ndibwereka kwa mlamu wanga. Loweruka ndi tsiku la malonda koma ndisiya mnyamata pa benchi mpaka masana. Ndikufuna ndidzaone riveti ya Avex imeneyi ndi maso anga, mundisungire imodzi yokoka kale ndidzaidule pakati.